Foni, autism ndi vuto loyamba ntchito: zomwe ndaphunzira teremu ino

Pa maphunziro anga a uphunzitsi wa ana ofunika thandizo lapadera, gawo lomwe landitenga mtima teremu ino ndi la achinyamata a autism amene amaliza sekondale. Autism ndi kakulidwe ka ubongo kosiyana ndi ka ambiri, komwe kamakhudza momwe munthu amalankhulira ndi kukhalira ndi anzake. Mabuku athu ambiri amathera pa mwana wamng'ono. Koma mwanayo amakula, nafika zaka 18, 20, 25, ndipo belu la kusukulu lomwe linkamuuza kuti tsopano ndi masamu, tsopano ndi nthawi yopuma, sililiranso. Ku America, lipoti la 2015 la ofufuza a ku Drexel University linaonetsa kuti thandizo la achinyamata ambiri otere limaduka akangotuluka sukulu. Tsiku lonse limagwera m'manja mwawo, ndipo funso lomwe ndinapatsidwa linali lakuti foni ingawathandize motani kuliyendetsa.

Akatswiri amakamba za executive function, ndiko kuti luso la ubongo loyendetsa zochita za munthu. Adele Diamond, mu 2013, analongosola kuti lusoli lili ndi mizati itatu: kusunga chinthu m'mutu uku ukugwira ntchito, kudziletsa, ndi kutha kusintha njira zinthu zikasintha. Kukonza dongosolo la tsiku kumatsamira pa zitatuzi. Mu 2018 Eleni Demetriou ndi anzake ku University of Sydney anasonkhanitsa kafukufuku 235 napeza kuti anthu a autism, tikawatenga onse pamodzi, amavutika pa mbali zonsezi, osati imodzi yokha. Chomwe chinandikhudza kwambiri m'ntchito yawoyo ndi chakuti vutoli limaoneka bwino pofunsa za moyo wa tsiku ndi tsiku kusiyana ndi pa mayeso a m'chipinda. Mnyamata angathe kukhoza masamu bwino lomwe, koma osatha kudzuka pampando kukasamba pamene nthawi ya basi yayandikira. Pakhomo amamunena kuti ndi waulesi kapena wamwano, ndipo mawu amenewo amamupweteka mpaka kukula.

Pepala lomwe linasintha kaonedwe kanga ka ma app (mapulogalamu a m'foni) onse ndi la Karen Leneh Buckle wa ku University of Manchester, yemwe nayenso ndi wa autism. Mu 2021 anafalitsa zomwe anamva kwa akuluakulu 32 a autism. Dandaulo lawo lalikulu silinali kuiwala. Ananena kuti amadziwa bwino chomwe akuyenera kuchita, nthawi zina amachifunadi ndi mtima wonse, koma thupi siliyamba. Ena njala ikuwaluma, chakudya chili pafupi, koma osatha kunyamuka. Akayamba chinthu, kusiyanso kumavuta chimodzimodzi. Chomwe chinkawamasula kawirikawiri chinali chochokera kunja: munthu kuwalankhula, kapena kungokhala nawo pafupi akuchita zakezake.

Ndi muyeso umenewu ndinayamba kuyang'ana mapulogalamu. App yongokumbutsa imayankha funso lomwe munthuyo sanafunse. Alamu kapena Google Calendar ikalira kuti "phika", iye akudziwa kale kuti ayenera kuphika. Amaizimitsa n'kukhala pomwepo, manyazi atawonjezeka. Sindikuzinyoza, pakuti pa nthawi ya mankhwala kapena ya kalasi zimagwira ntchito ndithu. Koma kukumbutsa ndi kuyambitsa ndi zinthu ziwiri.

App ya Tiimo inayambira ku Copenhagen, m'dziko la Denmark, mu 2015, ndipo oiyambitsa, Helene Lassen Nørlem ndi Melissa Würtz Azari, anaipangira anthu a autism ndi a ADHD (vuto losatha kuika maganizo pa chinthu chimodzi). Imaika tsiku pa mzere wa zithunzi ndi mitundu, ndipo ntchito ikayamba, nthawi yotsala imaoneka ikuchepa pamaso pako. Nzeru yake si yatsopano. Njira yophunzitsira ana a autism yotchedwa TEACCH, yomwe Eric Schopler anaitsogolera ku North Carolina ndipo boma la kumeneko linaivomereza mu 1972, inkagwiritsa kale ntchito ndandanda za zithunzi. Wotchi ya Time Timer, yomwe Jan Rogers anapangira mwana wake, imaonetsa nthawi ngati chigamba chofiira chomwe chikungochepa. Phindu lenileni apa lili pa kusiya: munthu amaona mapeto akubwera, motero kusintha sikumudzidzimutsa. Chinanso, wachinyamata wa zaka 22 sangafune kuyenda ndi khadi la zithunzi pakhosi, koma foni aliyense ali nayo m'manja ndipo palibe amamuyang'anitsitsa.

Yomwe ndaikonda kuposa zonse ndi Goblin Tools, yomwe Bram De Buyser wa ku Belgium anatulutsa mu 2023, ndipo pa intaneti ndi yaulere. Ili ndi chida chotchedwa Magic ToDo. Umalemba ntchito yomwe yakukulira, monga kusesa m'chipinda kapena kulemba kalata yofunsira ntchito, n'kusankha pa tizithunzi ta tsabola kuti akhale tsabola angati malinga ndi momwe ikukuvutira. Tsabola akachuluka, imaiduladula m'masitepe ang'onoang'ono kwambiri. Sitepe iliyonse ungaidulenso. Apa mpamene ndinaona app ikulunjika pa vuto lomwe anthu a Buckle anafotokoza. "Konza m'chipinda" ndi zisankho zambirimbiri zobisika m'mawu awiri, ndipo munthu amauma asanasankhe ngakhale chimodzi. "Tola makapu ali pansi" ndi chinthu chomwe dzanja lingathe kuyamba pompano. Masitepewo amapangidwa ndi AI (nzeru za kompyuta) ndipo amatengera moyo wa kumene app inachokera, komwe kuchapa ndi kuyatsa makina, choncho amene amachapira m'beseni ayenera kuwakonza. Kukonzako sindikuona ngati chopinga, chifukwa kumamuphunzitsa kudula ntchito yekha.

App ya Brain in Hand ya ku Britain inandiphunzitsa china. Wogwiritsa ntchito amakhala pansi ndi mlangizi mtima uli m'malo, n'kulemba m'mawu akeake zomwe adzachite basi ikachedwa kapena kalasi ikasamutsidwa chipinda. Zikachitika, yankho lili kale m'foni. Amadinanso mtundu wosonyeza momwe akumvera, wobiriwira, wachikasu kapena wofiira, ndipo akadina wofiira munthu wophunzitsidwa amamuimbira kapena kumulembera. Ophunzira a ku yunivesite kumeneko angathe kuilipira kudzera m'thandizo la boma la Disabled Students' Allowance. Focusmate nayo imangokulumikiza pa vidiyo ndi munthu wina kwa mphindi 25, 50 kapena 75, aliyense n'kumagwira yakeyake. M'zonse ziwirizi, chomwe foni yabweretsa ndi munthu.

Pali zondidetsa nkhawa. Kuika ndandanda mu app kumafuna luso lomwelo lomwe munthuyo akuvutika nalo, choncho popanda womuthandiza masiku oyamba, app imangokhala osatsegulidwa. Mauthenga akachuluka, makamaka kwa amene phokoso limamupweteka, amazimitsa onse. Mapulogalamu owerengera masiku otsatizana omwe wakwanitsa amagwetsa ulesi tsiku limodzi likaphonyeka, pamene masiku otopa kwa anthu a autism ndi osapeweka. TikTok nayo ili m'foni yomweyo. Ndipo kafukufuku woyesa ma app amenewa kawirikawiri ndi wa anthu ochepa komanso wa nthawi yochepa, motero zolonjeza za otsatsa ndimaziwerenga mosamala.

Chondivuta koposa ndi nkhani ya mwini ndandanda. Mayi akalemba tsiku lonse m'foni ya mwana wawo wamkulu, n'kumayang'ana ngati wachonga, ndiye kuti kulamula kuja kwangosamukira m'foni. Cholinga chawo ndi chabwino, ndipo kutopa kwawo ndimakumvetsa. Koma wachinyamatayo ayenera kusankha yekha ntchito zolowa, kaliridwe ka alamu, ndi yemwe aziona zomwe walemba.

Kwathu kuno zambiri mwa izi zili patali. Mafoni ambiri ndi a Tecno ndi itel okhala ndi malo ochepa, bando imatha msanga, magetsi amazima, ndipo ma app olipira amafuna khadi la kubanki ndi ndalama zakunja. Chilankhulo chawonso si Chichewa. Komabe mfundo zake zimatheka pa foni wamba. Alamu ingalembedwe sitepe yoyamba yokha, "vala nsapato" m'malo mwa "pita kutauni", ndipo ina ingalire mphindi 10 ntchito isanathe. Munthu angajambule zithunzi za beseni lake, mbaula yake, chikwama chake, n'kuzisanja motsatana m'foni. Mchemwali kapena mnzake angamuimbire pa WhatsApp n'kukhala pa foni mpaka ntchito iyambike.

Pa projekiti yanga ya teremu ikubwerayi ndasankha njira zitatuzi, alamu, zithunzi ndi kuimbirana. Ndizigwira ndi achinyamata omwe avomera okha, aliyense asankhe ntchito imodzi yomwe imamukanika, ndipo chomwe ndizilemba ndi mphindi zomwe zikudutsa kuchokera pomwe foni yalira kufika pomwe wayamba.