Sabata yomwe tinakangana za mjigo wa ku London

Ine ndimaphunzitsa kalasi ya madzulo, ya anthu akuluakulu omwe anabwerera ku yunivesite ali kale pantchito, ena mpaka ana awo ali ku sekondale. Pulogalamu yathu siikakamira phunziro limodzi ai, timasakaniza mbiri, masamu, filosofi, sayansi ndi kulemba, nde sabata ino tinatenga kolera ya ku London ya 1854.

Lolemba ndinangowagawira mapu aja a dokotala John Snow, okhala ndi timizere pa nyumba iliyonse yomwe munafa munthu ku Soho, dera la mu London, ine phee osanena kanthu. Mayi ena omwe ndi nesi pompo akuti ndi madzi awa basi nkhani yatha. Bambo ena a akaunti anakana, akuti mayi inu yankho mukulidziwa chifukwa munaphunzira, koma tiyerekeze ndife akuluakulu a derali chaka chimenecho, aliyense akukhulupirira kuti matenda amabwera ndi mpweya wonunkha, mapuwa akutsimikiza chani? Pomwe pali mjigo wa Broad Street mpomwenso pali fungo ndi anthu othinana. Ndipo sankanama bambowa, tinatha ola lathunthu pamenepo. Chomwe chinawafooketsa ndi nkhani ya omwe sanadwale, anyamata a pafakitale yofulula mowa mumsewu omwewo omwe madzi a pamjigopo sankamwa, kenako mayi wa ku Hampstead, kutalitu, yemwe ankaitanitsa madzi a Broad Street poti ankamukomera, nkumwalira ndi kolera.

Lachiwiri miting ya malekichala, ija yotopetsa. Asaimenti ndi imodzi koma ochonga tilipo a madipatimenti osiyana, wa masamu akufuna matebulo, wa mbiri akufuna aone komwe mfundo yachokera, aliyense akukokera malikisi kwake. Kunena zoona ophunzira amasakaniza maphunzirowa bwino kuposa ife aphunzitsi awo.

Lachitatu kuofesi kunabwera bambo wina atangoweruka, akuti madamu digiri imeneyi ndikawauza chani abwana kuntchito, poti siya uloya, siya udokotala. Funso limeneli limabwera semesita iliyonse ndipo sindiwanamiza kuti ntchito ikuwadikira pakhomo. Ndinangotulutsa esee yawo yoyamba ndi ya mwezi watha nkuziika limodzi patebulo. Yoyamba inali maganizo okhaokha, ndime imodzi yodzadza peji. Yachiwiri mfundo iliyonse ili ndi umboni wake, mpaka anayankha yemwe angawatsutse. Anawerenga kanthawi ndithu, kenako akuti lipoti lawo la kuntchito aliyambanso.

Lachinayi ndi lomwe linandikomera. Tinalowa nkhani ya Henry Whitehead, m'busa wa mderalo yemwe anayamba kufufuza cholinga amutsutse Snow poti ankati kolera ikuchokera m'madzi a mjigo wa Broad Street, nkuyenda khomo ndi khomo kufunsa anthu, mapeto ake ndi yemwe anapeza mwana wakhanda yemwe anayamba kudwala, madzi ochapira matewera ake ankatayidwa mdzenje loyandikana ndi chitsimecho. Wapolisi wa mkalasi mwathu anachita kuimirira, akuti iyi ndi ntchito yathu iyi, mboni ndi mboni. Ndinawakumbutsanso kuti pomwe chogwirira cha mjigo chinkachotsedwa pa 8 September kuti anthu asiye kutungapo madzi, mliri unali utayamba kale kuchepa poti anthu ambiri anali atathawa, ndipo akuluakulu a zaumoyo sanagwirizane naye Snow, Snowyo anamwalira 1858 ambiri asanavomereze, wasayansi wa ku Germany Robert Koch anadzakapatula kachilombo ka kolera cha m'ma 1883 ndi 1884. A akaunti aja akuti mwaona, nde mjigowo pawokha sunali umboni. A nesi akuti koma mukanadikira umboni wanuwo anthu akumwabe madziwo? Imeneyo ndi yomwe ndinawapatsa ya asaimenti, boma lichitepo kanthu liti pomwe umboni sunakwane.

Lachisanu kuchonga basi, ndi mameseji a omwe shifiti yawasinthira mwadzidzidzi akupempha tsiku lowonjezera. Ndawapatsa mpaka Lolemba, wa masamu akadandaule ku miting.