Mapiko a agulugufe ndi akadziwotche

Aliyense amene anagwirapo gulugufe pamapiko amadziwa kuti m'zala mumatsala kafumbi kosalala, kena kachikasu, kena kotuwa. Kafumbi kameneko ndi timamba ting'onoting'ono tosanjikizana ngati udzu wofolera denga, ndipo maonekedwe onse amene timawasirira ali pa timamba timeneti, moti tikachoka phikolo limatsala loonekera mkati. Agulugufe ndi akadziwotche onse ali nato, n'chifukwa chake akatswiri amawaika m'gulu limodzi lotchedwa Lepidoptera, lomwe mitundu yake yodziwika imapitirira 150,000. Pa mitundu yonseyi, ya agulugufe ndi pafupifupi 20,000 basi, yotsalayo ndi ya akadziwotche. Ine ndimaona kuti akadziwotche sitiwachitira chilungamo, pakuti ndiwo ochuluka komanso osiyanasiyana kwambiri, koma poti ambiri amauluka usiku timangowatenga ngati tizilombo totuwa tovutitsa panyale.

Kuwasiyanitsa n'kosavuta ukayang'ana tinyanga ta pamutu. Ta gulugufe n'towonda ndipo tili ndi kamutu kunsonga, pamene ta kadziwotche timakhala tosongoka kapena tamanyenje, makamaka kwa aamuna, omwe amanunkhizira fungo la aakazi patali. Gulugufe akatera amakonda kuimika mapiko ake n'kuwaphatikiza pamsana, koma kadziwotche amawagoneka, ndipo thupi lake limakhala lonenepa ndi laubweya. Komabe malamulo amenewa amaphwanyidwa kawirikawiri. Ku Madagascar kuli kadziwotche wotchedwa Chrysiridia rhipheus amene amauluka dzuwa likuswa mtengo, ndipo mapiko ake obiriwira, ofiira ndi abuluu amanyezimira kuposa a agulugufe ambiri.

Kunyezimira kumeneku kuli ndi chinsinsi chake. Mtundu wakuda, wofiirira ndi wachikasu nthawi zambiri umachokera ku utoto umene uli m'timamba, koma wabuluu wowala wa agulugufe a Morpho, a m'nkhalango za ku Central America ndi South America, suchokera ku utoto ayi. Pa kamamba kalikonse pali timizere tosanjikizana tosaoneka ndi maso, timene timabweza kuwala kwa buluu kokha, ndipo n'chifukwa chake mtunduwo umasintha phikolo likapendeka. Kunsi kwa phiko lomwelo n'kofiirira, kotero Morpho akamauluka amaoneka ngati akuthwanima n'kuzima, zomwe zimasokoneza mbalame yomuthamangitsa.

Chimene chimandikoka mtima kwambiri pa nkhaniyi n'chakuti pafupifupi banga lililonse la paphiko lili ndi ntchito, ndipo ntchito yaikulu ndi yopulumuka kwa adani. Gulugufe wotchedwa Danaus chrysippus, wofala mu Africa ndi Asia, ali ndi mapiko ofiirira okhala ndi nsonga zakuda zamadontho oyera, ndipo amauluka mwachifatse, poyera, osaopa kanthu. Akadali mbozi amadya masamba a zomera zautomoni woyera wapoizoni, poizoniyo n'kutsala m'thupi mwake, moti mbalame imene yamulawa kamodzi imakumbukira maonekedwewo n'kumamupewa. Agulugufe ena opanda poizoni amapezerapo mwayi potengera maonekedwe omwewo. Henry Walter Bates, katswiri wa zachilengedwe wa ku England, ndiye analongosola zimenezi mu 1862 atakhala zaka 11 m'chigwa cha Amazon, koma chitsanzo chimene chimandigometsa ndi cha Papilio dardanus wa mu Africa. Wamwamuna amakhala wachikasu chotumbuluka, wa timichira kumapiko akumbuyo, ndipo amafanana kulikonse, pamene aakazi ali ndi maonekedwe oposa khumi, ambiri opanda timichira ndiponso ofanana ndi agulugufe apoizoni a m'dera lawo. Mazira a mayi mmodzi angathe kutulutsa ana aakazi osafanana n'komwe, oti munthu wosadziwa angalumbire kuti si apachibale.

Ena anasankha kubisala. Kallima inachus wa ku Asia akatseka mapiko amasanduka tsamba louma, lokhala ndi mtsempha wapakati, kaphesi ndiponso timadontho tonga nkhungu. Akadziwotche ndiwo akatswiri pa luso limeneli, ndipo kutuwa kumene timawanyozera ndiko kumawasunga masana onse atamatirira pakhungwa la mtengo. Ku England kuli Biston betularia, woyera wamawangamawanga akuda, amene saoneka akatera pamtengo wa ndere. Utsi wa malasha wa m'mafakitale utapha ndere ndi kudetsa mitengo ndi mwaye, oyerawo anayamba kuonekera kwa mbalame. Wakuda woyamba analembedwa ku Manchester mu 1848, ndipo pofika 1895 pafupifupi onse a mumzindawo anali akuda. Dzikolo litakhazikitsa lamulo loletsa kuipitsa mpweya mu 1956, mitengo inayeranso pang'onopang'ono ndipo oyera aja anachulukanso.

Nyengo nayo imasintha maonekedwe. Gulugufe wotchedwa Precis octavia wa mu Africa akaswa m'nyengo ya mvula amakhala wofiira, koma akaswa m'chilimwe amakhala wakuda ndi wabuluu, ndipo poyamba akatswiri ankayesa kuti ndi mitundu iwiri.

Pa kukula, kusiyana kwake n'kodabwitsa. Gulugufe wamkulu koposa ndi Ornithoptera alexandrae wa ku Papua New Guinea, amene wamkazi wake akatambasula mapiko amapitirira masentimita 25, pamene timakadziwotche tina ta banja la Nepticulidae timangofika mamilimita atatu kapena asanu, ndipo mbozi zake zimakulira m'kati mwa tsamba limodzi. Kadziwotche wa Atlas wa ku Asia, ngakhale ndi wamkulu ngati dzanja lotambasula, alibe mlomo wodyera, kotero amangokhala sabata imodzi kapena ziwiri, kudalira mafuta amene anasunga ali mbozi. Ena, monga Argema mittrei wa ku Madagascar, ali ndi michira iwiri yaitali yopotana kunsonga, ndipo ofufuza anapeza pa abale ake kuti michira yotere imasokoneza mileme, imene imasaka pomvera mawu obwerera, moti imakaluma mchira m'malo mwa thupi.

Ku Madagascar komweko kuli duwa lotchedwa Angraecum sesquipedale, limene timadzi take totsekemera timakhala pansi pa kampope kotalika masentimita pafupifupi 30. Charles Darwin, katswiri wa zachilengedwe wa ku England, ataliona mu 1862 ananena kuti payenera kukhala kadziwotche wa mlomo wautali wofika pansi pa kampopeko, ngakhale kuti panalibe amene anali atamuonapo. Kadziwotcheyo anadzalembedwa mu 1903, Darwin atamwalira kale, n'kupatsidwa dzina lakuti Xanthopan morganii praedicta, ndipo munali mu 1992 pamene anthu anamuona akutambasula mlomo wake wokulungikawo ndi kuyamwa timadzi ta duwalo usiku.