Ampu yanga inkalira ngati njuchi, matenda ake anali awiri

Ndatha miyezi itatu ndikulimbana ndi phokoso mu ampu yanga ya gitala, nde poti latha ndati ndilembe apa chifukwa anyamata ambiri amene tikuimba m'matchalitchi mwathu kuno ku Joni vuto lathu ndi lomweli, ndipo mankhwala amene ena akupatsana ndi oti tsiku lina tidzasonkherana ndalama zotumizira maliro kumudzi.

Ampuyi ndi ija ya ma valve, timababu tagalasi tokweza mawu, 15 watts, kumbuyo kuli ma valve akuluakulu awiri otchedwa EL84 ndi ang'onoang'ono atatu otchedwa 12AX7. Ndinaigula yakale kwa bambo wina wachikulire, tinaiyesa mu shopu mwake muli phokoso la msewu nde sindinamve kanthu, ndinangomva kunona kwa mawu ake basi mtima unagwa pomwepo. Kufika nayo kwanga ku Rosettenville, kachipinda kakuseri kwa nyumba ya alandilodi, kungoyatsa, ma valve atatentha, zzzzz ngati waputa njuchi. Ndipo pansi pa zzzz pamenepo panali kenanso kolemera, mmmmm, kosasintha, kokhala ngati kakuchokera mmimba mwa sipika. Ine ndinkangoti ndi phokoso limodzi.

Ku tchalitchi nde zinafika poipa. Timachita lendi holo ina ku Turffontein, ndipo titalumikiza ampu ku mikisa phokoso lija linatuluka m'masipika akuluakulu onse mpaka abusa popemphera anachita kutembenuka. Mnzanga woimba bass anandikokera pambali nkuti "aise, tsegula pulagi uchotse waya wa earth, wobiriwira ndi chikasu uja, yanga ndinapanga choncho inangoti zii." Ndinatsala pang'ono kumumvera. Chinandiletsa ndi chomwe chinachitika Loweruka lotsatira pa pulakatisi, iyeyo ali ndi bass mmanja zala zili pa nsambo anasendera ku maiki kuti ayankhire kwaya, milomo itangokhudza maiki anadumpha kubwerera mmbuyo, shoko. Anaseka nkuti ndi zazing'ono koma ine sindinaseke ayi. Nsambo za gitala zimalumikizana ndi chitsulo cha ampu kudzera mu kebo, nde ngati mkatimo magetsi akudontha ndipo earth palibe, njira yokhayo yopitira pansi ndi thupi lako, kulowera mzala kutulukira pamilomo, kudutsa pachifuwa.

Mayi wina wa mkwaya ndi amene anandilozera kwa madala ena ake aku Nkhata Bay amene akhala mu Johannesburg muno zaka zambiri akukonza mawailesi ndi ma TV. Ndinanyamula ampu pa taxi, yolemera ngati thumba la simenti. Nditayamba kufotokoza anandidula, "achimwene dikirani kaye, tiyeni tiimve yokha." Anayatsa gitala italumikizidwa, kenako anazula kebo ku ampu. Zzzz ija, yomwe kwawoko inali yochepa kale, inatheratu. Mmmm inatsala. "Mwamva? Chomwe chachoka si cha ampu, ndi cha gitala yanu kapena kebo kapena nyumba yomwe mukukhala. Chomwe chatsalachi nde changa."

Kenako anazunguza voliyumu kuchoka pa zero mpaka kumapeto, mmmm ija osakwera osatsika. Anati phokoso likamakwera ndi voliyumu ndekuti likulowera kutsogolo, pa jack polowetsa kebo ya gitala kapena pa 12AX7 yoyamba ija, ndipo pamenepo umangosinthanitsa ma valve ang'onoang'onowo nkumva ngati lasintha. Koma likakana kumvera voliyumu ndekuti lili kumbuyo, kumbali ya magetsi kapena ma valve akuluakulu.

Apa nde pomwe ndinasangalala kwambiri. Anandibwezera gitala nkuti dinani fret yachitatu pa nsambo yaikulu ija, G. Ndinadina, ndipo zoona mawu a gitala ndi mmmm ya ampu zinali pafupifupi chimodzimodzi, zikuchita kukankhana pang'ono. G ameneyo ndi 98 Hz, kutanthauza kunjenjemera ka 98 pa sekondi, phokoso langa linali 100 Hz. Magetsi a kuno ku South Africa ndi 230 volts pa 50 Hz, chimodzimodzi ndi kwathu ku Malawi, nde ampu ikamawasandutsa kuti akhale DC, oyenda mbali imodzi ngati a batire, amatuluka ndi mabampu 100 pa sekondi, ndipo ntchito ya ma capacitor akuluakulu, tizitini tosunga magetsi mkati mwa ampu, ndi kusalaza mabampu amenewo. Akakalamba amauma mkati, mabampu nkumadutsa mpaka ku sipika. Likanakhala la 50 Hz, lakuya kwambiri ngati G wa pa bass, akanayamba kukayikira mawaya a 6.3 volts amene amatenthetsa ma valve, kapena valve yomwe yayamba kudontha mkati. Ine pa YouTube ndinkangomva 60 cycle hum, 120, nkumasokonezeka, osadziwa kuti amenewo ndi aku America komwe magetsi awo ndi 60 Hz. Ife manambala athu ndi 50 ndi 100.

Potsegula anandiuza kuti ndiime patali manja kumbuyo. Anazimitsa, anazula pulagi kukhoma, nkuika mita pa capacitor kuti ndione ndi maso anga, magetsi anali adakalimo ambiri ndithu. Ampu yamtunduwu ikamayaka mkatimo mumakhala ma volts opitirira 300 ndipo ma capacitor amatha kuwasunga ngakhale mwazimitsa. Anawatsitsa pang'onopang'ono ndi resistor, dzanja limodzi lili mthumba, anayezanso, kenako nde anagwira. Abale, ngati simunaphunzire ntchito imeneyi musatsegule chitsulo chimenecho, ndikupempha. Zomwe mungathe nokha ndi zakunja, makebo, mapulagi, kusintha valve itazizira ampu ili yozula. Capacitor imodzi inali yotupa pamwamba ndi tinthu toyera ngati mchere mmbali. Anasintha onse a mzere umenewo, anati kusintha imodzi nkusiya anzake amsinkhu womwewo nkudzabweranso mwezi wamawa. Atayatsanso anatenga kamtengo kouma nkumagogoda valve iliyonse pang'onopang'ono, akuti yodwala imalira mu sipika ngati belu. Zanga zinali bho. Anandichenjezanso kuti tsiku lomwe EL84 imodzi idzafe ndidzagule ziwiri zofanana mphamvu, chifukwa ziwirizo zimagwira ntchito mokokerana ndipo zikasiyana mmmm imabwerera, komanso kuti ndisadzayatse ampu ya ma valve sipika ili yozula, transformer yotulutsa mawu imapsa.

Ndinabwerera kunyumba, mmmm yapita, zzzz ili pomwepo kundidikira. Gitala yanga ndi ya mtundu wa Stratocaster, ma pickup ake, timaginito totola mawu a nsambo, ndi a single coil, ndipo amenewa amatola chilichonse chamagetsi chomwe chili mumpweya, nchifukwa chake Seth Lover wa ku Gibson anapanga humbucker, pickup ya ma coil awiri yothetsa phokosoli, mzaka za mma 1950. Ndinaimirira pakati pa chipinda nkumazungulira pang'onopang'ono gitala ili pamimba, ndikayang'ana kuchitseko phokoso likuchepa, ndikayang'ana kubedi likukwera. Kubediko kunali tchaja ya foni yotchipa ija ya pamsewu. Kuizula, theka la phokoso linachoka. Babu ya LED ya kudenga nayo inali ndi gawo lake. Nde ndinakumbukira kuti nthawi ya loadshedding tikamayatsa inverter yotchipa ya mnyumba yaikulu ngakhale wailesi imalira zzzz, magetsi ake si osalala ngati akukhoma, nde ampu sindiilumikizanso kumeneko.

Koma chachikulu chinali ichi. Madala aja anandibwereka kachipangizo koyezera soketi, kokhala ndi timagetsi titatu, ndipo nditakalowetsa kanaonetsa kuti earth kulibe. Ndinatsatira waya panja, magetsi a chipinda changa amachokera mnyumba yaikulu pa ekisitenshoni ya mawaya awiri okha yodutsa pamwamba pa mpanda. Soketi ya maenje atatu bwinobwino koma bowo lalikulu lapamwamba lija silinalumikizidwe kulikonse, ndipo ketulo ndi kasitovu kanga zakhala zikudya pamenepo zaka ziwiri. Ndinakalankhula ndi alandilodi mwaulemu, poyamba anavuta koma tinagwirizana kuti ine ndigule waya wa mitsempha itatu iwo alipire wamagetsi. Amene mukukhala m'zipinda zakuseri ku Yeoville, Mayfair, kaya kuti, yezani soketi zanu, olo musakhale oimba. Ndipo amene munabwera ndi zida za mapulagi a makona akwathu aja, ma adapter ena otchipa sagwira earth bwino, bola kungodula nkuikapo pulagi yakuno.

Mkati mwa gitala ndinamatamo tepi ya kopa nkuilumikiza ku ground, ndipo pa nyimbo zofatsa ndimaika switch yosankhira ma pickup pa 2 kapena 4 pomwe ma pickup awiri amathetserana phokoso. Ndikachotsa manja pa nsambo kaphokoso kamabwerabe pang'ono, ndikagwira kamachoka, zimenezo nzachibadwa, thupi lathuli nalo limatola phokoso ndipo ukagwira nsambo umakhala walitsitsira pansi. Mukaona kuti kugwira nsambo sikukusintha kanthu ndekuti kawaya kopita ku bridge kaduka.

Za ku tchalitchi zija inali ground loop, ampu inali pa soketi ya kutsogolo, mikisa pa soketi ya kumbuyo kwa holo, kebo nkuzilumikiza pakati, earth nkukhala ndi njira ziwiri. Nchifukwa chake kudula waya wa earth uja kumaoneka ngati kwathandiza. Pano yanga ndimangoika maiki kutsogolo kwa sipika, palibe waya wopita ku mikisa. Ya bass tinaigulira DI box, kabokosi kolumikizira ampu ku mikisa, ili ndi kabatani ka ground lift komwe kamadula ground ya kebo ya mawu yokha, earth yakukhoma osaikhudza. Ampu yakeyo inapitanso kwa madala kuti akaone pomwe magetsi ankadontha, ndipo itabwera Lamulungu mmawa anthu asanafike ndinakhala pansi ndi sikuludiraiva, mnzanga akundiunikira ndi foni, ndinabwezera waya wobiriwira uja pa chitsulo chake mu pulagi nkumanga zolimba. Tinayatsa zonse, mu holo munangomveka ka shhh kakang'ono ka ma valve ndi mapazi a amayi akukonza mipando.