Sabata yachisanu ndi chiwiri: Puy de Dôme yayamba kundimvera

Anzanga amene mukutsatira zakukwera mapiri zangazi, lero ndabwera ndi nkhani yabwinoko. Loweruka ndinakweranso phiri la Puy de Dôme ku France kuno kudzera njira ija ya Muletiers yoyambira pa Col de Ceyssat, ndipo ulendo uno ndinapuma kawiri kokha basi, pomwe tsiku loyamba lija ndinaima mwina kasanu ndi kawiri mtima ukugunda ngati ng'oma ya gule, ndikudzifunsa kuti kodi anandituma ndani. Ndinatenga mphindi 52. Agogo ena achizungu ndi ndodo zawo ziwiri anandipitirira ndithu, koma zimenezo tisazikambe.

Phirili ndi lalitali mamita 1,465, ndikudziwa akwathu a ku Mulanje aseka poti Sapitwa ndi 3,002, koma njirayi ndi yokhotakhota ndipo siimakupatsa mpata, ukangotembenuka pakona wapeza chitunda china. Pamwamba pali mabwinja a kachisi wa Aroma wa mulungu wawo Mercury, pafupi ndi chimlongoti cha TV chija chimaoneka uli mu town ku Clermont-Ferrand. Sitima yokwera phiri iliponso, Panoramique des Dômes, inayamba mu 2012, koma ndinalumbira kuti sindiikwera mpaka nditamaliza season ino ndi miyendo yanga.

Chimene chimandibwezabweza kunoku ndi view. Ukaima pamwamba umaona timapiri tambirimbiri tandondozana, Chaîne des Puys, pafupifupi 80, tonse tinali ma volcano, tina tozungulira ngati nkhali yovundikira tina tokumbika pakati ngati mtondo, zonse zobiriwira udzu ndi mitengo moti sungaganize kuti panatulukapo moto. Bungwe la UNESCO linaika malowa pa mndandanda wake wa malo ofunika kusungidwa padziko lonse mu 2018. Anthu a paragliding, ouluka ndi chinsalu chonga parachute aja, amathamanga pang'ono pa udzu kenako hii ali m'malere, ine ayi zikomo.

Vuto la sabata ino ndi nsapato. Nditatsika ndinadzimva mphamvu ndiye ndinati ndipitirize ku Puy de Pariou, phiri lija la dzenje lalikulu pakati lokhala ndi masitepe amatabwa. Masitepewo si nkhani, koma pansi pake pali timiyala tofiirira topepuka ta volcano, amati pouzzolane, timagubuduzika ngati waponda nandolo wouma. Ma sneakers anga aku town anaterereka kamodzi, ndinakhala pansi phi, botolo lamadzi uko, chikhatho chasupuka. Timiyala tina tinalowa mu sokosi ndipo pofika pagalimoto chithuza chinali chitatuluka kale pa chidendene chakumanzere. Ndiye basi ndagonja, ndikagula nsapato zenizeni za mapiri zogwira akakolo, ndalama ziwawa koma bola.

Zizindikiro ndazizolowera tsopano. Mzere wofiira ndi woyera pa mtengo kapena pamwala ndi njira zazitali za GR, wachikasu ndi tinjira ta tsiku limodzi, ndipo ukaona X ndiye kuti wasochera bwerera. Poyamba X ameneyo ndimkamuyesa chizindikiro cha mitengo yoti idulidwe, musandiseke.

Kamba wanga sanasinthe, buledi ndi tchizi cha Saint-Nectaire, chimanunkha m'chikwama ngati chinachake chafera momwemo koma kukoma kwake eeh.

Chotsatira ndi Lac Pavin kufupi ndi ka town ka Besse, nyanja yozungulira bwinobwino m'dzenje la volcano, yakuya mamita 92, kuizungulira ndi kosavuta ndiye ndiyeserako nsapato zatsopanozo. Cholinga chachikulu chikadali Puy de Sancy, phiri lalitali kuposa onse m'dera lamapiri lino la Massif Central, komwe mtsinje wa Dordogne umayambira, ndipo ndikufuna ndikafikeko chipale chisanagwe. Amene munakwerapo kuchokera mbali ya town ya Mont-Dore tandiuzeni, mphepo ya pamwamba paja jekete imodzi ikwana kapena nditenge ziwiri?