Silivas ndi munthu, mwana wanga

Lachitatu, kapena tinene Lachinayi poti 12 koloko yadutsa kale. Tulo takana, ndiye bola ndingolemba.

Zayamba madzulo ndi funso la mtsikana wanga. Anali gone chafufumimba pampando, foni m'manja, akuonera gymnastics ya akazi pa floor, bwalo lija la mamita 12 mbali zonse pomwe amavina ndi kulumpha nyimbo ikulira, osapyola masekondi 90. Wolengeza anati mtsikana wina watsegula ndi Silivas. Mwanayu, osadzutsa ndi mutu womwe: "Amayi, Silivas m'Chingerezi ndiye kuti chiyani?"

Ndinamuuza kuti si Chingerezi ayi, ndi munthu. Daniela Silivaș wa ku Romania, yemwe anatenga mendulo zagolide zitatu pa Olympics ya ku Seoul mu 1988, imodzi ya pa floor pomwepo. Kulumpha kwakeko n'kupidiguka kawiri chambuyo m'malere mawondo atapinda, uku thupi likuzunguliranso kawiri ngati nguli.

Anandiyang'ana ngati ndikumunamiza. "Ndiye munthu amangodzitchulira yekha?"

Ayi ndithu. Bungwe loyendetsa masewerawa, la FIG, lili ndi buku la malamulo lotchedwa Code of Points. Ukakhala ndi luso lomwe mulibe m'bukumo, umalilembetsa mpikisano usanayambe, n'kukalichita pa mpikisano waukulu ngati wa dziko lonse kapena Olympics. Utere bwino, osagwa. Ukagwa, dzina lako silikhalapo, ngakhale utakhala kuti unalikhetsera thukuta zaka zingati.

Simone Biles wa ku America yekha ndiye amamudziwa, nanga alipo mwana yemwe samudziwa? Koma sankadziwa kuti pa floor ma Biles alipo awiri. Woyamba ndi wa 2013 ku Antwerp, kupidiguka kawiri thupi lili tantha n'kutembenuka theka kumapeto, moti munthu amatera asakuona pomwe akuponda. Wachiwiri ndi wa 2019 ku Stuttgart, kupidiguka kawiri ndi kuzungulira katatu. Maluso amawapatsa zilembo kuyambira pa A molingana ndi kuvuta kwake, ndipo limeneli analiika pa J.

Apa m'pomwe ndinayamba kulongolola, ndikuvomera. Moors, wa Victoria Moors wa ku Canada, Antwerp yomweyo mu 2013. Dos Santos, wa Daiane dos Santos wa ku Brazil, yemwe anapambana pa floor mu 2003 ku Anaheim. Chusovitina, mayi amene anapikisana nawo ma Olympics 8, kuyambira 1992 mpaka ku Tokyo. Ndinamuuzanso kuti mayina sali pa zopidiguka zokha: Gómez ndi kuzungulira kanayi pa phazi limodzi, Memmel ndi kuzungulira kawiri mwendo wina utaugwira m'mwamba. "Zimenezo nanenso ndingathe," iye uyo dzambatu. Kamodzi ndi theka, chala n'kumenyetsa ku mwendo wa tebulo. Tinaseka mpaka misozi.

Bwenzi zitathera pomwepo.

Patapita nthawi, sindikukumbuka ngati tinali titadya kale, anabweranso ndi foni ija. "Nanga iyi akungoti full-in, ilibe mwini wake?"

Ili naye. M'buku muja kupidiguka kawiri chambuyo ndi kuzungulira kamodzi kuli ndi dzina la Mukhina. Koma olengeza ambiri amangoti full-in, poti masiku ano luso limenelo lachuluka, atsikana ambiri amalichita. Ndinamuuza kuti Elena Mukhina anali wa ku Soviet Union, katswiri wa dziko lonse mu 1978 ku Strasbourg.

"Panopa ali kuti?"

"Anamwalira."

"Anadwala?"

Ndinamuuza kuti akasambe, kwada. Anapita akung'ung'udza, ine n'kutsala ndi kanthu pakhosi komwe sikanatsikebe mpaka pano.

Zomwe sindinamuuze ndi izi. Mukhina anathyoka mwendo mu 1979, ndipo anamubwezera ku maphunziro mwendowo usanapole bwino chifukwa Olympics ya 1980 inali ya kwawo, ku Moscow. Ankamuphunzitsa Thomas salto, luso la dzina la mwamuna, Kurt Thomas wa ku America, lomwe munthu satera ndi mapazi koma amatsogoza manja ndi mutu n'kugubuduka. Ukaperewera pang'ono, khosi ndilo limalandira. Kutatsala milungu iwiri kuti Olympics iyambe, ku Minsk, anatera ndi chibwano n'kuthyoka khosi. Anali ndi zaka 20. Anakhala wolumala manja ndi miyendo zaka 26, mpaka kumwalira mu 2006. Luso lija analiletsa pambuyo pake, m'buku mulibenso.

Chomwe chikundinyansa sindikuchigwira bwinobwino. Mwina n'chakuti madzulo onse ndimatchula mayina aja mokondwa ngati ndikuwerenga mphatso, pomwe ndikudziwa kuti ena anawapeza ali ana a misinkhu yosatalikirana kwenikweni ndi wangayu, akuuzidwa zochita ndi akuluakulu. Kapena n'chakuti dzina likalowa m'buku limasanduka chinthu. "Wachita Silivas." "Waphonya Moors." Mwini dzina ali kwinakwake akukalamba, mawondo akuwawa, ndipo mwana akuyesa kuti ndi mawu a Chingerezi. Koma ndikatembenuza, kupanda dzinalo mwana wangayu akanafunsa za ndani? Za Silivaș wafunsa chifukwa wolengeza anatchula. Za Mukhina wafunsa chifukwa sanatchule. Ndiye ndikwiyire uti?

Komanso ine sabata ino mtima wanga ndi wapachala, ndikudziwa. Kanthu kakang'ono ndayamba kale kudandaula. Mwina ndikanangomuuza zonse, ali ndi zaka 12, si khanda. Koma nkhope yake ija, chala akuchisisita uku akuseka, sindinafune kuyiwononga ndi za khosi.

Ndadutsa pakhomo la chipinda chake posachedwapa, kuwala kwa foni kukuoneka pansi pa bulangete. Ndinamva kanyimbo ka floor chapansipansi. Sindinagogode. Dzina lija ndinamutchulira bwinobwino, chilembo ndi chilembo, ndipo mwanayu kufufuza amatha kuposa ine.