Muvi wa pa tayala

Mlamu wanga wa ku Johannesburg atanditumizira tayala la Maxxis, ndinakana zopita nalo kwa okonza njinga. Ine, munthu wopita kusukulu, n'kulipira wina kuti andivekere tayala? Ndinagadamiza njinga pabwalo, n'kuba masupuni awiri kukhitchini.

Tayala la njinga yokwerera mapiri lili ndi mano, ndipo manowo sanafanane mbali zonse. Mbali ina ndi yopendekeka kuti tayala lizigubuduzika mopepuka, inayo ndi yoima njo kuti iziluma dothi ukagwira mabuleki. N'chifukwa chake pambali pa tayala amajambulapo kamuvi kosonyeza kozungulira. Kamuviko ndinakaona ndithu, koma nditaveka kale, nditapopa, thukuta lili kamukamu. Kanali kuloza m'mbuyo.

Wina anena kuti bwanji osangotembenuza wilo lonse. Sizitheka: chimbale cha mabuleki chimakhala kumanzere basi. Ndiye ndinaphwetsa, n'kuvula. Apa m'pomwe nzeru zinandichulukira. Ndinatembenuza tayala, kenako poti ndine munthu wosamala, ndinatembenuzanso limu. Kuveka, kupopa, kuika pa njinga: kamuvi kali komwe kuja! Ana omwe anaunjikana pampanda anayamba kundilangiza, wina mpaka kundiuza kuti mwina ku Joni njinga zimayenda chafutambuyo.

Ndinati zisiyeni, tayala ndi tayala. Loweruka ndinakwera phiri la Zomba, mvula itagwa usiku. Pokwera panalibe vuto. Potsika kanjira ka m'nkhalango ya paini, nditagwira buleki yakutsogolo, mano aja anangotsetsereka pamatope osaluma kanthu. Njinga inalowera kwake, ine kwanga, n'kukatera chokhala patsogolo pa amayi atatu osenza nkhuni. Mmodzi anatula mtolo kuti aseke bwino.

Madzulo ndinaikankha mpaka kwa bambo wina wokonza njinga za kabaza pansi pa mtengo wa mango. Anayendetsa chala pa tayala, n'kuima pa kamuvi kaja.

"Achimwene, anavekayu ndani?"

"Mwana wa kunyumba," ndinatero.

"Mukamuuze kuti njinga ikaima bwinobwino, muvi uli pamwamba, uziloza kutsogolo. Ndiponso asiye kuvekera masupuni, wakanda limu yonseyi."

Mwana wanga, yemwe ananditsatira atanyamula pampu, anafunsa mokweza kuti mwana wake uti.