Kupita ku Saldanha kunali kokoma, kubwerera ndiye ayi

Mphepo yotchuka ya ku Cape Town imachokera kum'mwera chakum'mawa, mbali yomwe mwera amachokera kunyanja kwathu, ndipo khalidwe lake ndi lomwelo. Ikakhala kumsana kwako imakukankha mwaulemu. Ukayang'anizana nayo umaona zakuda.

Popita ku doko la Saldanha, mtunda wa makilomita pafupifupi 110 kumpoto kwa Cape Town, inali kumsana. Ndinakwera ngati wothandiza ntchito pa katamarani, boti la mimba ziwiri lija, lotalika mamita pafupifupi 14, m'lifupi opitirira 7. Titadutsa Robben Island ndinatereka nsima, poto osamumanga, ndipo anakhala phee mpaka kuomola. Pa boti la mimba imodzi lomwe ndinazolowera, zimenezi n'zosatheka. Mphepo ikagwira thanga boti limapendekeka, chitofu chimalendewera pa zitsulo zake, poto amamupanikiza ndi zogwirira, wophikanso amadzikoleka ndi lamba. Ku Langebaan, pafupi ndi Saldanha, tinaponya nangula pamadzi osaya, pafupi ndi mchenga, pomwe anzathu a mimba imodzi anaima kutali chifukwa chitsulo chawo cholemera cha pansi chimazama mamita awiri kapena kuposa. Aliyense chipinda chake, bafa lake. Ndinayamba kuganiza kuti munthu angakalambire m'menemo.

Pobwerera mphepo inali kumaso. Katamarani siitha kuyenda molunjika kwambiri komwe mphepo ikuchokera, ndiye timangokhotakhota, mtunda osachepa. Akaputeni analiza mainjini onse awiri. Kutada, mafunde anayamba kulowa pakati pa mimba ziwirizo n'kumamenya pansi pa chipinda chochezera. Gu! Tebulo kudumpha, makapu kulira m'kabati. Kaphee pang'ono, kenako gu! Ndinali nditagona pampando, phokosolo ndimalimva m'nthiti. Mnzanga wa ku Nkhotakota, yemwe anakulira m'bwato, anadzuka maso ali psuu.

"Achimwene, kodi pansipa sipang'aluka?"

"Gonani achimwene, akuti ndi mmene imachitira."

Sanagone. Anakakhala panja pafupi ndi chiwongolero, atafunda jekete ziwiri, poti madzi a kuno ndi ozizira chaka chonse chifukwa cha madzi oyenda m'nyanjamo otchedwa Benguela. Kumeneko anapeza akaputeni maso ali pa kachipangizo koyezera mphepo, akutiuza kuti tipinde thanga lichepe. Ine ndimaona ngati akufulumira, poti boti linali chilili. Iwo anati vuto lake ndi lomwelo. La mimba imodzi mphepo ikakula limapendekeka, kukuchenjeza, n'kutaya mphepo ina pamwamba, ndipo ngakhale litagona cham'mbali chitsulo cha pansi chija chimalidzutsa. Katamarani sichenjeza, ndipo ikagadabuka yagadabuka basi.

Chinandipweteka mtima n'chakuti chapakati pa usiku tinaona nyali za boti la mimba imodzi, laling'ono kuposa lathu, litapendekeka ndithu, likung'amba mafunde popanda injini. Linatipitirira ife tikuwotcha dizilo.

Dizilo ameneyo ndi nkhani inanso. Mainjini awiri ndiye kuti mafyuluta awiri, oilo kawiri, makaniko kawiri. M'madoko ambiri katamarani amailipiritsa malo ndi theka kapena malo awiri chifukwa cha kutambalala kwake, ndipo si makina onse okwezera maboti kumtunda omwe amaikwanitsa. Anthu amangoona zithunzi za pa Facebook, ena atagona pa ukonde wa kutsogolo kapu m'manja, osadziwa kuti wina ali m'kachipinda ka injini mutu uli pansi.

Ine mutandipatsa lokhalamo, ndisankha katamarani mosaganiza kawiri, makamaka ngati pali ana kapena wina wa nseru. Koma loyendera gombe lino, komwe ulendo wobwerera nthawi yotentha umakonda kukhala wolimbana ndi mphepo, ndipatseni la mimba imodzi.

M'bandakucha tinagonja, n'kukabisala ku House Bay, gombe la kumpoto kwa chilumba cha Dassen Island, pakati pa Saldanha ndi Cape Town, kudikira kuti mphepo itsike. Mukamapanga ulendo umenewu siyani tsiku lapadera la kudikira kotereku, ndipo mapiritsi a nseru mumwe musananyamuke, chifukwa nseru ikayamba sagwiranso bwino ntchito.